Ian Donald, Dotolo Amene Adaona Mwana Asanabadwe

Mayi woyembekezera akapita kusikelo pachipatala chachikulu masiku ano, nthawi zina amauzidwa kuti alowe m'kachipinda kena akajambulitse mimba. M'menemo amamgoneka chagada nampaka mafuta ozizira pamimba, ndipo wachipatala amayendetsa pakhungupo kachipangizo kokwana m'dzanja. Posakhalitsa pagalasi la makina pamaoneka kamutu, kamsana konga mikanda yotungidwa paulusi, ndi kamtima kakugunda mofulumira. Ambiri a ife tidazolowera kumva mawu akuti sikani, koma ndi owerengeka amene amadziwa kuti luso limeneli lidayesedwapo m'fakitale yowotcherera zitsulo, ndi kutinso mwini wake poyamba sankafunafuna mwana ayi, ankafunafuna zotupa. Munthuyo ndiye Ian Donald, amene mbiri yake tisimbe lero.

Ian Donald adabadwa pa 27 Disembala 1910 m'tauni ya Liskeard, m'chigawo cha Cornwall ku Mangalande, ngakhale kuti mtundu wake unali wa ku Scotland. Bambo ake anali dotolo, agogo akenso chimodzimodzi, pamene mayi ake anali katswiri woimba piyano. Iye ndiye anali wachisamba pa ana anayi. Sukulu adayambira ku Scotland mpaka kufika ku Fettes College mumzinda wa Edinburgh, koma asanatsirize banja lonse lidasamukira ku South Africa chifukwa bambowo m'thupi simunali bwino. Kumeneko adalowa sukulu ya Diocesan College ku Rondebosch, kufupi ndi Cape Town. M'chaka cha 1927 nthenda ya diphtheria, imene imagwira kukhosi, idalowa m'nyumbamo. Mayi ake adamwalira, ndipo patangopita miyezi 3 bambo akenso adatsikira kulichete. Mnyamata wa zaka 16 adatsala ndi abale ake atatu m'dziko lachilendo, akuleredwa ndi mayi amene ankawasungira nyumba.

Ophunzira amene amaganiza kuti njira ya ku udotolo ndi imodzi yokha angadabwe kumva kuti digiri yake yoyamba, imene adalandira kusukulu ya ukachenjede ya Cape Town, sinali ya sayansi konse, koma ya zilankhulo ndi nyimbo. Udotolo adakauyamba pambuyo pake, banjali litabwerera ku London mu 1930, pachipatala cha St Thomas. Adatsiriza mu 1937, ndipo chaka chomwecho adakwatira Alix, mwana wa mlimi wina wa ku Orange Free State. Awiriwa adabereka ana aakazi anayi.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, mu 1942, Donald adalowa gulu la asilikali a ndege ngati dotolo wawo, natumizidwa kuchilumba cha Benbecula, chakumadzulo kwa Scotland. Kumeneko adatchuka ndi kulimba mtima pamene adatulutsa anthu m'ndege imene idagwa niyaka moto mabomba ali momwemo, ndipo mu 1946 adalandira mendulo ya MBE. Koma chimene adatolako kunkhondo, chimene chidadzathandiza anthu ochuluka koposa, ndi nzeru ya zipangizo ziwiri za asilikali: radar yoonera ndege zakutali, ndi sonar yosakira sitima zobisala pansi pa nyanja.

Pano tiyambe taima kuti timvetse nzeru imeneyi, popeza nkhani yonse yagona pamenepa. Aliyense amene adawetako mbuzi m'mphepete mwa phiri adziwa kuti ukafuula moyang'ana thanthwe, mawu ako amabwerera. Thanthwe likakhala pafupi amabwerera msanga, likakhala patali amachedwerapo. Mleme umauluka mumdima osagunda mtengo chifukwa umalira ndi kumvetsera kubwerera kwa kulira kwake. Khutu la munthu limamva mawu onjenjemera mpaka pafupifupi ka 20,000 pa sekondi imodzi. Opitirira apo sitiwamva, ndipo ndiwo amene Azungu amati ultrasound. Mawu otere amalowa m'madzi, m'chitsulo ngakhalenso m'mnofu wa munthu, m'mene amayenda mamita pafupifupi 1,540 pa sekondi. Akafika pamalire a zinthu ziwiri zosiyana, monga pamene mnofu wakomana ndi fupa, ena a iwo amabwerera. Tsono makina akawerenga nthawi imene mawuwo atenga kupita ndi kubwerera, amadziwa kuti malirewo ali patali bwanji. Palibe matsenga pamenepa, ndi masamu chabe.

Nkhondo itatha Donald adabwerera ku London nadzipereka pa ntchito ya uzamba ndi matenda a amayi. Mu 1952 adapita kukaphunzitsa pachipatala cha Hammersmith, kumene mtima wake unali pa makanda obadwa osakwana masiku amene amalephera kupuma. Adapanga timakina towathandiza kupuma, pakuti anali munthu wosakhazikika akaona chipangizo, wokonda kumasula ndi kulumikiza. Kumeneko ndiko adakomana ndi John Wild, dotolo wa ku Mangalande wokhala ku Amereka, amene anali atayamba kale kuyesa mawu obwerera pa zotupa za m'mawere. Analiponso ena m'maiko ena amene ankayesa zomwezo: ku Denver wodwala ankamkhazika m'thanki yodzaza madzi kuti amjambule, ndipo ku Lund m'dziko la Sweden anali atayamba kuunika mtima mu 1953. Choncho tisanamizane kuti Donald ndiye adatulukira zonse. Chake chinali kutenga nzeru imene inali yoyeserera chabe ndi kuisandutsa chida cha tsiku ndi tsiku pambali pa bedi la wodwala.

Mu 1954 adasankhidwa kukhala pulofesa wa za uzamba pasukulu ya ukachenjede ya Glasgow. Mzinda umenewu uli pamtsinje wa Clyde, mtsinje womwewo umene umadutsa pa Blantyre wa ku Scotland pamene adabadwira David Livingstone. Masiku amenewo Glasgow unali mzinda wa zitsulo, wokhoma sitima zapamadzi zazikuluzikulu, ndipo mafakitale ake anali ndi makina ofufuzira ming'alu yobisika m'zitsulo zowotcherera. Makinawo ankagwiritsa ntchito mawu obwerera omwe aja.

Kuti timvetse chimene chinkamsowetsa mtendere Donald, tikumbukire mmene dotolo wa nthawi imeneyo ankadziwira za m'mimba mwa munthu. Mayi akabwera mimba itatupa, dotolo ankafunsa mafunso, nkusisita, nkugogoda ndi zala, nkumvetsera. Manja ozolowera amadziwa zambiri, koma amanamizikanso, makamaka wodwala akakhala wonenepa kapena mimba ikalimba kwambiri. Kodi ndi chotupa cholimba cha m'chiberekero? Kodi ndi thumba lamadzi lomera pachiwalo chosunga mazira? Kodi ndi madzi ongodzaza m'mimba chifukwa cha khansa imene yafalikira? Kapena ndi pakati chabe? Lililonse mwa mayankho amenewa lili ndi njira yakeyake, ndipo kulakwitsa kumatanthauza kung'amba munthu wosafunika kung'ambidwa, kapena kumsiya afe amene akadachira. X-ray inalipo, koma imaonetsa bwino mafupa, osati minofu. Kuwonjezera apo, mu 1956 dotolo wina wamkazi wa ku Oxford, Alice Stewart, adasonyeza kuti ana amene amayi awo adajambulidwa ndi X-ray ali ndi pakati ankadwala khansa kawirikawiri kuposa anzawo. Makolo athu pomutcha mayi woyembekezera kuti wapakati sankalakwa, ndipo ngakhale ku Ulaya, ndi zipatala zawo zonse, za m'chiberekero zinali zobisika mpaka tsiku lochira.

Mwayi udadzera mwa wodwala. Mwamuna wa mayi wina amene Donald adamchita opaleshoni anali mmodzi wa akuluakulu a kampani ya Babcock and Wilcox ku Renfrew, yopanga mathanki akuluakulu ophikira nthunzi. Kudzera mwa bamboyu, Donald adaloledwa kukayesa makina a kampaniyo. Pa 21 Julayi 1955 adafika pafakitalepo ndi galimoto ziwiri, kumbuyo kwake atalongedzako zotupa zimene zinali zitangochotsedwa kumene mwa odwala: zina zolimba za m'chiberekero, ndi thumba lalikulu lamadzi. Eni fakitale adabweretsa nthuli yaikulu ya nyama ya ng'ombe kuti ikhale poyerekezera. Tangoganizani amisiri a zitsulo ataunjikana, akuona pulofesa wamtali wa tsitsi lofiira akuyala zinthu zoterezi patebulo lawo! Chojambulira zithunzi panalibe, kotero kuti adachita kuitana mmisiri wojambula pamanja wa pafakitalepo kuti alembe papepala mizere imene inkaoneka pagalasi.

Mizereyo inali yosaoneka bwino, yongokwera ndi kutsika, koma idayankha funso limene Donald adabwera nalo. Thumba lamadzi lidaonetsa mzere pakhoma lake lakutsogolo, kenaka bata, kenaka mzere wina woonekera bwino pakhoma lakumbuyo, popeza mawu amadutsa m'madzi popanda chowabweza. Chotupa cholimba chidameza mawuwo ndi kuwamwaza, mizere yake nkumka nizilala. Kusiyana kumeneku, kwa chamadzi ndi cholimba, ndiko maziko a ntchito yonse yofufuza zotupa ndi makina amenewa mpaka lero lino.

Kuyesa chotupa chili patebulo ndi kwina, kuchiyesa chili m'mimba mwa munthu wamoyo ndi kwinanso. Makina oyamba amene Donald adabwereka sankaona kanthu kalikonse kamene kali pafupi ndi khungu, kotero kuti ankachita kuika timatumba tamphira todzaza madzi pakati pa chipangizo ndi mimba ya wodwala. Timatumbato tinkaphulika, odwala ndi madotolo omwe nkunyowa. Chaka chidatha popanda chooneka. Madotolo anzake adayamba kumseka, ena nkumati wapenga, ena nkumati akufuna makina a ndalama zambiri kuti apeze chimene dzanja lovala gulovu wotsika mtengo limapeza.

Amene adamuwombola anali mnyamata wa zaka 23, Tom Brown, injiniya wa pakampani ya Kelvin and Hughes mumzinda momwemo, imene inkapanga makina ofufuzira ming'alu aja. Brown atamva mphekesera kuti kuli dotolo amene akuyesa makina awo pa anthu, adafunafuna nambala m'buku la lamya namuimbira pulofesayo kunyumba, mu 1956. M'masiku amenewo, pamene pulofesa ankaopedwa ngati mfumu, chimenechi chinali chinthu cholimba mtima, ndipo tiyenera kumuyamikiranso Donald kuti sadamnyoze mnyamatayo koma adamuitana kuchipatala. Brown atangoona makinawo adazindikira pamene padalakwika, napempha akuluakulu ake kuti atumize atsopano. Timatumba tamadzi tija adatisiya, nayamba kupaka mafuta a olivi pamimba, chifukwa mpweya ukatsalira pakati pa chipangizo ndi khungu mawu salowa. Mafuta ozizira amene amayi amapakidwa lero ntchito yake ndi yomweyo. Wachitatu pagululi anali dotolo wachinyamata, John MacVicar. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ili lidasenzedwa ndi atatuwa.

Chimene chidatseka pakamwa onyoza ndi nkhani ya mayi wina wa zaka 64 amene adagonekedwa pachipatala cha Western Infirmary. Mayiyu ankasanza magazi, anali ataonda kwambiri, mimba itatupa ngati ng'oma. Madotolo ake, motsogozedwa ndi Pulofesa Edward Wayne, adagamula kuti ali ndi khansa ya m'chifu imene yafalikira ndi kudzaza madzi m'mimba, ndipo kuti opaleshoni singathandize. Kunena mosabisa, ankangodikira tsiku. Donald ataitanidwa kuti adzayese makina ake, adayamba wampima ndi manja, ndipo iyenso adavomereza zimene anzakewo adanena. Koma ataika chipangizo pamimbapo, pagalasi padaoneka bata lalitali ndi mzere umodzi woonekera bwino chakumbuyo. Akadakhala madzi ongodzaza m'mimba, matumbo oyandama m'madzimo akadabweza mawu mosokonekera. MacVicar, amene anali wamng'ono pa onse, ndiye adanena poyera kuti chimenecho chikufanana ndi thumba lamadzi. Padafunika kudzichepetsa kuti mapulofesa awiri amvere makina ofufuzira zitsulo ndi dotolo wongoyamba kumene, koma adatero. Mayiyo adamtengera kuchipinda cha opaleshoni, ndipo adamchotsa thumba lalikulu zedi lomera pachiwalo chosunga mazira, lopanda khansa konse. Kusanza kudaleka, ndipo adatuluka m'chipatala ali bwinobwino. Kuyambira tsiku limenelo Donald sadabwererenso m'mbuyo.

Komabe mizere yokwera ndi kutsika inali yovuta kuimasulira. Brown adaganiza kuti chipangizo chikamayendetsedwa pamimba ponse, makina nkumakumbukira pamene mawu alionse abwererera, madontho onsewo pamodzi angapange chithunzi, monga mmene chimaonekera chipatso ukachidula pakati. Mu 1957 adapanga makina otere pogwiritsa ntchito tebulo lakale lodyerapo odwala pabedi, maunyolo ndi tizitsulo ta zidole za ana zotchedwa Meccano. Pa 7 Juni 1958 magazini ya madotolo ya The Lancet idasindikiza lipoti la atatuwa lofotokoza za odwala 100 amene adawaunika. Mutu wa lipotilo unkanena za zotupa za m'mimba, osati za uzamba, koma pakati pa zithunzi zake panali chithunzi cha mutu wa mwana ali m'chiberekero. Poopa kuti mwina mawuwo angawononge bongo wanthete, adayamba awayesa pa ana a mphaka ongobadwa kumene, ndipo sadapeze chovulala chilichonse.

Amene adakokera makinawa kwenikweni ku ntchito ya uzamba anali namwino. Kuchipatala cha amayi cha Rottenrow, Donald adadabwa kuona kuti namwino wina, Marjorie Marr, ankadziwiratu nthawi zonse kumene kwaloza mutu wa mwana, ngakhale pa amayi amene madotolo ankakayika. Atafufuza adapeza kuti namwinoyo ankayamba wazungulira ndi makina aja m'mawa pulofesa asanafike. Apa Donald adaganiza kuti ngati fupa la mutu limabweza mawu bwino chotere, ndiye kuti nkotheka kuyeza kukula kwa mutuwo kuchokera mbali ina kufika mbali inzake. James Willocks ndi Tom Duggan adaigwira ntchito imeneyi, ndipo muyeso umenewu ukugwirabe ntchito podziwa msinkhu wa mimba ndi kakulidwe ka mwana. Mu 1963 Donald adazindikiranso kuti chikhodzodzo chikadzaza chimakankhira matumbo pambali ndi kutsegula njira yoonera chiberekero mimba ikadali yaing'ono. Amayi amene adauzidwapo kuti amwe madzi ambiri ndipo asapite kukataya madzi asanajambulidwe, adziwe kuti lamulo lovutitsali lidachokera kwa iyeyu.

Zotupa sadaziiwale. Pali vuto lina limene mayi amaoneka ngati ali ndi pakati, koma nsengwa imasanduka timatuza tambirimbiri tonga mphesa, mwana palibe, ndipo nthawi zina timatuzato timasanduka khansa. Kale dotolo ankadikira miyezi ali m'chikayiko. Gulu la ku Glasgow lidasonyeza kuti pagalasi vutoli limaoneka ngati timadontho toyera tomwazika m'chiberekero monse, kotero kuti lingadziwike tsiku lomwelo. Pambuyo pake adaphunziranso kupeza pamene pagona nsengwa, chinthu chofunika kwambiri pakuti nsengwa ikatsekereza njira ya mwana mayi angathe kutaya magazi mpaka kufa.

Mu 1964 chipatala chatsopano cha amayi cha Queen Mother's chidatsegulidwa ku Glasgow, chimene Donald adachimenyera nkhondo ndi kuthandiza kulemba mapulani ake. Chidagwira ntchito mpaka 2010. Makina oyamba ogulitsa, otchedwa Diasonograph, anali chimphona chotalika mapazi 8. Koma malonda sadayende msanga, ndipo chakumapeto kwa 1966 eni kampani adaganiza zoleka kuwapanga, mpaka kampani ina ya ku Edinburgh idatenga ntchitoyo. Tom Brown adayesa kupanga makina ena opambana, sadagulidwe, ndipo adakathera ku ntchito za mafuta apansi pa nyanja. Ulemu udampeza atakalamba, ndipo adamwalira mu 2019. M'kuona kwanga, dziko lidamlakwira mnyamata wa lamya uja. Dzina la pulofesa lidamveka ponseponse, pamene chithunzi chenichenicho, chimene mayi amanyamula m'chikwama kukaonetsa kunyumba, chidabadwa m'mutu mwa injiniya.

Nanga za zotupa za mwana amene asanabadwe? Makina a Donald sakadatha kuziona bwino, chifukwa zithunzi zake zinali zakuda ndi zoyera basi, zosayenda. Koma chapakati pa zaka za m'ma 1970 kudafala makina oonetsa mithunzi yosiyanasiyana ya minofu, ndiponso oonetsa mwana akutakataka nthawi yomweyo. Zitatero, funso lija la ku Renfrew, lakuti kodi ichi nchamadzi kapena ncholimba, lidayamba kufunsidwa pa thupi la mwana wa m'mimba.

Zotupa zoterezi nzosowa. Chimene chimapezeka kawirikawiri mwa makanda ndi cha mtundu wa teratoma chomera kumapeto kwenikweni kwa fupa la msana, ndipo chimagwira mwana mmodzi mwa ana 35,000 kapena 40,000 obadwa, makamaka aakazi. Chimachokera ku maselo oyambirira amene angathe kusanduka chiwalo chilichonse, nchifukwa chake mkati mwake mumapezeka zinthu zosakanizika monga mafuta, tsitsi ndi tizidutswa ta mafupa. Nthawi zambiri pobadwa sichikhala khansa, koma chikasiyidwa chingathe kusanduka, motero madotolo amachichotsa pamodzi ndi kafupa kakumapeto kaja mwana akangobadwa. Kuopsa kwake kuli pawiri. Chingathe kukula kuposa mutu wa mwanayo, kotero kuti pochira mwana amatuluka mutu ndi mapewa, nkukakamira. Chotupacho chikang'ambika mwana amataya magazi, ndipo mayi nayenso ali pangozi. Kwinaku, chotupa cholimba chokhala ndi mitsempha yambiri chimaba magazi, kamtima ka mwana nkumapopa mopitirira mphamvu yake mpaka kutopa, thupi lonse nkudzaza madzi. Chamadzi sichiopsa chotere. Apa ndipo pamene kusiyanitsa kuja kumasanduka nkhani ya moyo ndi imfa.

Chotupa chikaoneka pa sikani ya pakatikati pa mimba, madotolo amachiyeza kawirikawiri, amayang'ana mmene mtima wa mwana ukugwirira ntchito, ndipo amakonzeratu kuti mayi akachirire kuchipatala chokhala ndi madotolo a opaleshoni ya ana, mwa opaleshoni ngati chotupacho nchachikulu. Kwa mayi wokhala kutali ndi chipatala chachikulu, monga ambiri kuno kwathu, kudziwiratu kokhako nkwamtengo wapatali, chifukwa ulendo umayendedwa matenda asanayambe, osati pakati pa usiku mwana atakakamira. M'maiko ena adapitirira apo. Mu 1997 madotolo a ku Philadelphia, motsogozedwa ndi Scott Adzick, adalengeza kuti adatsegula chiberekero, nachotsa chotupa chotere pa mwana amene mtima wake unali kulephera, nambwezera m'mimba, ndipo mwanayo adabadwa wamoyo. Palinso zotupa zomera pakhosi zimene zimatseka njira ya mpweya. Zikadziwika msanga, madotolo amatulutsa mutu ndi mapewa okha mwa opaleshoni, naika kapaipi kopumira mwana akadalandirabe mpweya kudzera mumchombo, kenaka nkudula mchombowo. Zina zimamera mumtima, ndipo zambiri mwa izo zimafota zokha mwana akamakula, ngakhale kuti zimachenjeza za nthenda ina yobadwa nayo yotchedwa tuberous sclerosis.

Tisakokomeze. Sikani imaonetsa maonekedwe a chotupa, koma siinena nthawi zonse kuti nchamtundu wanji. Zotupa zina zimayamba mochedwa, moti mayi wojambulidwa pa miyezi 5 angauzidwe moona kuti zonse zili bwino. Ndiponso makina alibe maso. Maso ndi a munthu amene wawagwira, ndipo chinthu chimene munthu sadachionepo nchapafupi kuchidumpha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidalangiza mu 2016 kuti mayi aliyense woyembekezera ajambulidwe kamodzi masabata 24 asanakwane, makamaka pofuna kudziwa msinkhu wa mimba, mapasa ndi zilema.

Mawu akuti zilema akutifikitsa pa chinthu chimene chidamuwawa Donald. Iye anali Mkhristu wolimbikira wa mpingo wa Anglican, ndipo pamene nyumba ya malamulo ya ku Britain idakhazikitsa lamulo la 1967 lololeza kuchotsa pakati pa zifukwa zina, adalitsutsa poyera ndi mphamvu zake zonse. Makina oonetsa mwana akutakataka atabwera, ankayenda ndi kanema wake m'misonkhano kuti anthu aone okha kuti wa m'mimbayo ndi wamoyo. Koma chida chomwecho chidagwiranso ntchito imene iye sankaifuna. Mu 1972 Stuart Campbell, amene adaphunzira ntchitoyi m'manja mwake ku Glasgow, adazindikira pa masabata 17 mwana wopanda bongo wokwanira, amene sakadakhala moyo atabadwa, ndipo mimbayo idachotsedwa. Kuyambira pamenepo makolo ambiri akhala akuuzidwa nkhani zowawa mimba ikadali yaing'ono, ndi kupatsidwa chisankho chimene makolo awo sadachidziwe. Ena amamuona Donald ngati munthu wouma mutu pankhaniyi, ena ngati munthu wokhulupirika ku chikumbumtima chake. Chimene tinganene nchakuti sadabise maganizo ake pofuna kukondweretsa anthu, ndipo sadaleke kuphunzitsa luso lakelo poopa mmene ena adzaligwiritsire ntchito.

Anali munthu wopsa mtima msanga ndi wokhululukanso msanga, wofulumira pa zonse, wosapirira ulesi, koma odwala ake ankamkonda. Ophunzira ankadzaza m'chipinda akamaphunzitsa, ndipo buku lake la uzamba, Practical Obstetric Problems, limene lidatuluka koyamba mu 1955, lidawerengedwa m'maiko ambiri. Akapuma ankaimba piyano monga mayi ake, kujambula zithunzi ndi kuyendetsa bwato lathanga. Zonsezi ankachita ndi mtima wodwala, pakuti nthenda imene adadwala ali wamng'ono idamuwonongera kachitseko kena ka mumtima. Pakati pa 1961 ndi 1976 adachitidwa opaleshoni ya mtima katatu konse, ndipo adalemba m'magazini a madotolo zimene munthu amamva akagona yekha pabedi la wodwala, kuti anzake adziwe mmene zimawawira zimene amachitira anthu tsiku ndi tsiku.

Mu 1973 adalandira ulemu wa CBE, ndipo mu 1976 adapuma pantchito nakakhala ku Paglesham, mudzi waung'ono wa m'mbali mwa nyanja m'chigawo cha Essex, kumene ankatha kuyendetsa bwato lake. Adapitirizabe kulemba ndi kuyankhula m'misonkhano mpaka mphamvu zidamthera. Adamwalira komweko pa 19 Juni 1987 ali ndi zaka 76, ndipo adaikidwa m'manda a patchalitchi cha St Peter m'mudzimo. Mayi Alix, ana awo anayi ndi adzukulu 13 ndiwo adatsala. Makina aja a tebulo lodyerapo odwala ndi tizitsulo ta zidole adasungidwa ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Hunterian, pasukulu ya ukachenjede ya Glasgow.